Kulimbitsa Thupi Pakhomo kwa Odwala Matenda Otupitsa Minofu

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Pulogalamu ya zaumoyo ya lero ikufotokoza za matenda otupitsa minofu, amene achipatala amawatchula kuti myositis, komanso mmene munthu amene anapezeka nawo angalimbitsire thupi lake ali pakhomo popanda kudzivulaza. Nkhaniyi yakonzedwa poganizira anthu a ku Lifupa, m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, ndi a m'midzi ya alimi a fodya imene ili m'malire mwa nkhalangoyo, monga ya kwa Chulu, kumene ulendo wa kuchipatala chachikulu cha boma la Kasungu umadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya kabaza, kotero kuti wodwala sangathe kumaonana ndi dokotala wa mafizo sabata iliyonse, ndipo mbali yaikulu ya chithandizo chake imachitikira pakhonde la nyumba yake.

Minofu ndi nyama ya m'thupi imene imakoka mafupa kuti munthu ayende, anyamule katundu, apume ndiponso ameze chakudya. Pa matenda a myositis, chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga minofu ya mwini wake, ndipo minofuyo imatupa mkati, mosaonekera kunja, n'kumafooka pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi. Matendawa ndi osowa, sapatsirana, ndipo sayamba chifukwa chogwira ntchito yakalavulagaga. Amakonda kugwira minofu ya pafupi ndi thunthu la thupi, ya m'ntchafu, m'chiuno, m'mapewa ndi m'khosi, mbali zonse ziwiri mofanana, n'chifukwa chake zizindikiro zoyamba zimaonekera pa ntchito zazing'ono zimene palibe amaziwerengera: mayi amalephera kudzitwika ndowa pamjigo kapena kukweza manja kuti amange duku, bambo amalephera kupachika fodya pamitanda ya m'mwamba m'chigafa, ndipo onse amavutika kudzuka pamphasa kapena kunyamuka akanjuta m'chimbudzi. Ululu nthawi zambiri umakhala wochepa poyerekeza ndi kufookako, ndipo apa m'pamene pamayambira mavuto a pabanja, chifukwa munthu wosabuula, wodya bwino, koma wokana kupita kumunda, sachedwa kunenedwa kuti wayamba ulesi.

Matendawa ali m'magulu angapo. Polymyositis ndi dermatomyositis amagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ndipo dermatomyositis, amene amagwiranso ana, amasiyana ndi mnzakeyo chifukwa amabwera ndi zizindikiro za pakhungu: zikope zimatupa ndi kusintha mtundu, ndipo pamfundo za zala pamatuluka timabala toyuka, timene pakhungu lakuda timaoneka toderapo osati tofiira. Kwa munthu wamkulu, dermatomyositis nthawi zina amayendera limodzi ndi khansa yobisika, choncho wopezeka nawo amayenera kuyezedwa thupi lonse, ndipo mayi asaphonye kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'mawere. Gulu lina, lotchedwa inclusion body myositis, limagwira makamaka anthu opitirira zaka 50, abambo kuposa amayi, limafooketsa zala ndi minofu ya kutsogolo kwa ntchafu moti munthu amangogwa mawondo atapindika okha, ndipo silimva mankhwala amene amathandiza magulu enawo.

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kumveka bwino nkhani ya masewera isanayambe, chifukwa kuno ku Malawi munthu wofooka kapena wotupa minofu nthawi zambiri amakhala akudwala china osati myositis. M'maiko otentha mumapezeka kawirikawiri matenda otchedwa pyomyositis, amene ndi chithupsa cha mkati mwenimweni mwa mnofu, choyamba ndi kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Staphylococcus aureus, ndipo amakonda kugwira ana, achinyamata ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV kapena matenda a shuga. Chithupsachi chimagwira malo amodzi, kawirikawiri ntchafu kapena thako, pamene pamayamba kuuma gwa ndi kupweteka kwambiri, thupi likutentha, ndipo pakapita sabata ziwiri kapena zitatu mkatimo mumadzaza mafinya. Mwendo wotere sufuna masewera, sufuna kusisitidwa, kuthowedwa kapena kutemedwa mphini. Umafuna mankhwala opha bakiteriya ndi kutumbulidwa kuchipatala, ndipo kuchedwa nawo kumalowetsa tizilomboto m'magazi. Kachilombo ka HIV pakokha kamathanso kutupitsa minofu, monganso mankhwala a zidovudine amene amapezeka m'magulu ena a ma ARV ndi mankhwala ena otsitsa mafuta m'magazi, koma wodwala sayenera kusiya yekha mankhwala ake, chifukwa kusintha kulikonse ndi kwa achipatala. M'dera la fodya mulinso kufooka kwina kumene alimi amakudziwa: wothyola masamba onyowa ndi mame amalowedwa nikotini kudzera pakhungu, n'kuyamba chizungulire, mseru, kusanza ndi kulefuka, zimene zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, pamene wopopera mankhwala ophera tizilombo popanda zodzitetezera amatha kunjenjemera minofu, kutuluka dovu ndi thukuta, n'kubanika, zimene zimafuna chipatala nthawi yomweyo.

Chifukwa cha zonsezi, malangizo a m'pulogalamu ino ndi a munthu amene achipatala amuyeza ndi kumutsimikizira matenda ake. Kuyezako kumayamba ndi kuona mphamvu za manja ndi miyendo, kenaka magazi, mmene amafufuzamo chinthu chotchedwa creatine kinase, kapena kuti CK, chimene chimakhala mkati mwa minofu ndipo chimatayikira m'magazi minofuyo ikamawonongeka. Nthawi zina amachekako kachidutswa ka mnofu kuti akakaunike. Zina mwa izi zimafuna kuti wodwala atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mankhwala oyamba amakhala prednisolone, amene amagonjetsa kutupako, ndipo amawonjezerapo ena monga methotrexate, womwa kamodzi kokha pa sabata ndiponso woletsedwa kwa mayi woyembekezera, kapena azathioprine.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse ankalangiza odwala myositis kuti azingopuma, poopa kuti mnofu wotupa ukagwiritsidwa ntchito uwonongeka kwambiri. Maganizowa anayamba kusintha m'zaka za m'ma 1990. Mu 1998 ofufuza a ku Vienna, m'dziko la Austria, otsogozedwa ndi Wiesinger, anaonetsa kuti odwala amene anapalasa njinga yoima malo amodzi ndi kuchita masewera okwera ndi kutsika kwa masabata 6 anapeza mphamvu popanda matenda awo kukula. Mu 1999 Helene Alexanderson, Ingrid Lundberg ndi anzawo a ku Karolinska, mumzinda wa Stockholm ku Sweden, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ndi wofunika kwambiri kwa munthu wa kumudzi, chifukwa anachitikira pakhomo: odwala 10 ankachita masewera a mphindi 15 ndi kuyenda mphindi zina 15, masiku asanu pa sabata, kwa masabata 12, ndipo atayezedwa magazi ndi tizidutswa ta minofu sanapezeke ndi kutupa kowonjezereka, pamene mphamvu zawo zinakwera. Chaka chotsatira, mu 2000, ofufuza omwewo anapeza zofananazo pa odwala amene anali atangoyamba kumene kulandira mankhwala. Odwala a m'kafukufukuyu anali ochepa, monga zimakhalira pa matenda osowa, koma kafukufuku wa pambuyo pake wapitiriza kuloza komweko, ndipo lero masewera olimbitsa thupi amawerengedwa ngati mbali ya chithandizo, osati chowonjezera cha anthu osowa chochita.

Chifukwa chake n'chomveka. Mnofu wosagwira ntchito umaphwa msanga, ngakhale mwa munthu wabwinobwino amene wagona sabata zochepa, ndipo mfundo zosapindidwa zimauma mpaka mkono kukanika kutambasuka. Pamwamba pa izo, prednisolone womwedwa nthawi yaitali amafooketsanso minofu ya m'ntchafu ndi kupepusa mafupa, kotero kuti wodwala wogonekedwa pamphasa miyezi itatu mwachikondi amadzuka ndi kufooka kwa mitundu itatu: kwa matenda, kwa mankhwala ndi kwa kugona.

Komabe ku Kasungu vuto lalikulu silikhala kugona kokhako. Wodwala akamwa prednisolone masabata angapo amamva kuti wapepukidwa, ndipo ngati ndi nyengo yowokera mu Disembala kapena yothyola mu Febuluwale, iye mwini ndi abale ake amaona kuti palibe chifukwa chochitira masewera a pampando pamene khasu lilipo, popeza kulima nakonso n'kulimbitsa thupi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Ntchito ya kumunda ilibe mlingo: ndime imatha pamene mwini munda wanena, osati pamene mnofu watopa, ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20 kaya wosenzayo ali bwino kaya ayi, ndipo belo la fodya lopita kumsika wa Chinkhoma limafika makilogalamu 100. Ntchito zotere zimalemetsa minofu yomweyomweyo kwa maola ambiri, ndipo thupi limazemba minofu yofookayo potsamira pa yamphamvu, moti yofookayo siphunzira kanthu pamene msana ndi mawondo zikuvulala. Masewera a mafizo amasiyana ndi ntchito chifukwa amasankha mnofu umene ukufunika, amawerengedwa, amakhala ndi nthawi yopuma, ndipo amakwezedwa pang'onopang'ono. Ali ngati feteleza pa nazale: akachepa mbande sizikula, akachuluka zimapsa.

Mlingo woyenera umadziwika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya nthawi yomweyo: wodwala amayerekeza kutopa kwake pa sikelo yoyambira 0, kutanthauza kuti sakumva kanthu, kufika 10, kutanthauza kuti mphamvu zatheratu, ndipo m'masabata oyamba asapitirire 3 kapena 4, pamene munthu amamva kuti akugwira ntchito koma akutha kulankhula chiganizo chonse osaduliza kuti apume. Yachiwiri, imene ili yodalirika kwambiri, ndi ya m'mawa mwake. Kuphwanya pang'ono kwa minofu kumene kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri si koopsa, koma ngati wodwala wadzuka wofooka kuposa dzulo, akulephera chimene amatha, monga kunyamuka pampando umene dzulo ananyamukapo yekha, ndiye kuti mlingo unapitirira, ndipo ayenera kupuma mpaka mphamvu zibwerere, kenaka n'kuyambiranso ndi theka la zimene anachita.

Masewerawo safuna zipangizo zogula. Wodwala amayamba ndi kutenthetsa thupi poyenda pabwalo kapena kupondaponda malo amodzi kwa mphindi zisanu atagwira mzati wa khonde. Chofunika kuposa zonse ndi kunyamuka ndi kukhala pampando, chifukwa chimalimbitsa ntchafu ndi matako, minofu imene imalamula ngati munthu adzipitira yekha kuchimbudzi kapena azinyamulidwa. Mpandowo ukhale wolimba, wotsamizidwa kukhoma kuti usaterereke, ndipo ukhale wautali mokwanira. Ngati wafupika, auikire thabwa kapena bulangete lopinda, ndipo kachitsa kapena mpando wa ndalema si zoyenera poyambira. Wodwala amakhala kutsogolo kwa mpando, mapazi atabwerera pang'ono kumbuyo kwa mawondo, amaweramitsa chifuwa mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, n'kunyamuka akutulutsa mpweya, kenaka n'kukhalanso mwapang'onopang'ono osadzigwetsa. Poyamba angathe kukankha ndi manja pamawondo, ndipo kasanu n'kokwanira. Akamatha kakhumi kwa sabata yonse popanda kufooka m'mawa mwake, amasiya kugwiritsa ntchito manja, ndipo pambuyo pake amachotsa bulangete lija kuti mpando utsike. Chosintha chikhale chimodzi pa nthawi, kuti zikavuta chidziwike chimene chavutitsa.

Mapewa amalimbitsidwa wodwala atakhala pansi msana uli chilili, n'kumakweza manja kutsogolo ndi m'mbali, poyamba opanda kanthu, kenaka atagwira botolo la madzi la theka la lita, limene limalemera theka la kilogalamu, ndipo ubwino wa botolo ndi woti kulemera kwake kumawonjezedwa ndi madzi pang'onopang'ono. Amene manja sakukwera konse ayambe atagona chagada, atagwira mpini wopanda khasu ndi manja onse awiri kuti dzanja lamphamvu lithandize lofooka, kapena aime moyang'ana khoma n'kumakweza zala pakhomapo, n'kulemba ndi khala pamene zafika. Atagona chagada, mawondo atapinda ndi mapazi ali pansi, angathe kukweza matako m'mwamba, kuwerenga mpaka katatu, n'kuwatsitsa. Angathenso kukweza mutu pang'ono chibwano chitayang'ana pachifuwa, kumene kumalimbitsa khosi. Kuima ndi zala za kumapazi atagwira khoma, ndi kukwera ndi kutsika sitepe imodzi ya khonde, zimamaliza gawoli. Pakati pa masewera aliwonse papite mphindi imodzi kapena ziwiri zopuma, ndipo mpweya usagwiridwe m'chifuwa pokweza chinthu, makamaka kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Masewera a pansi ndi a munthu amene angathe kudzukanso kapena ali ndi womudzutsa. Amene sangathe kudzuka achitire pabedi.

Pa masiku amene matenda akula ndipo wodwala sangathe kunyamuka, mfundo zisasiyidwe osapinda. Womusamalira azimupinda ndi kumutambasula mapewa, zigongono, chiuno, mawondo ndi akakolo mofatsa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, osakakamiza pamene papweteka, ndipo wodwalayo azilimbitsa ntchafu pokanikiza bondo pansi mwendo uli wowongoka.

Kuyenda kumathandiza mtima ndi mapapo, ndipo dera la Kasungu lili ndi mwayi woti ndi lachidikha, chifukwa kutsika chitunda, monganso kutula katundu wolemera, kumang'amba minofu kwambiri kuposa kukwera. Mphindi zisanu n'zokwanira poyamba, kuwonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri pa sabata mpaka kufika 15 kapena kuposerapo. Ndi bwino kuzungulira pabwalo kapena panjira ya pafupi kusiyana ndi kupita kutali, chifukwa mphamvu zikatha munthu ali kudambo ulendo wobwerera umakhala utalipobe, ndipo kwa okhala m'malire mwa nkhalango pali chifukwa chinanso: chiwerengero cha njovu chinakwera mu 2022 pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde, ndipo munthu wosatha kuthamanga sayenera kuyenda yekha m'mbandakucha kapena chisisira. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ayende dzuwa lisanakwere kapena litapendeka, amwe madzi okwanira, ndipo wa dermatomyositis avale chipewa ndi malaya a manja aatali, popeza dzuwa limadzutsa zizindikiro za pakhungu. Amene amagwa kawirikawiri, makamaka a gulu la inclusion body myositis, ayende ndi ndodo, avale nsapato zogwira chidendene m'malo mwa patapata, ndipo m'chimbudzi muikidwe mpando wobowola ndi mtengo wogwira.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Pali masiku amene masewera sayenera kuchitika. Thupi likatentha, kaya ndi malungo, chimfine chachikulu kapena kutsekula m'mimba, wodwala apume ndi kukayezetsa msanga, chifukwa mankhwala ake amatsitsa chitetezo ndipo matenda ang'ono amakula mofulumira. Chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda zimafuna kuyezetsa TB. Myositis amatha kugwiranso mapapo, mtima ndi minofu yomezera, choncho kubanika kwachilendo, kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, kukomoka, kutsamwa pomwa madzi kapena phala kutulukira m'mphuno ndi zizindikiro zosiyira zonse n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa zimenezi zimatha kusonyeza kuti minofu yaphwanyika kwambiri ndipo zotuluka mmenemo zikutseka impso. Chizolowezi chomwa Brufen kapena Indocid wogula pagolosale kuti munthu athe kumaliza ndime n'choopsa pawiri kwa wodwala ameneyu, popeza chimabisa chenjezo la thupi, ndipo mankhwalawa akaphatikizana ndi prednisolone amayambitsa zilonda za m'mimba. Prednisolone yemweyo sasiyidwa mwadzidzidzi ngakhale munthu amve kuti wachira, koma amatsitsidwa pang'onopang'ono motsatira achipatala, ndipo wodwala aziwerengera kuti mapiritsi asamuthere tsiku la sikelo yake lisanafike.

Mnofu sungamangike ndi nsima ndi masamba okha. Nyemba, soya, mtedza, mazira, usipa ndi matemba zimapereka zomangira thupi, ndipo soya ndi mtedza amalimidwa m'boma lomwelo la Kasungu, kotero kuti banja lingachite bwino kusungako thumba la wodwala lisanagulitse zonse kwa mavenda. Mchere ndi shuga zichepe, chifukwa prednisolone amakweza shuga wa m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo amapatsa njala.

Kwa banja, funso lovuta limakhala la ntchito, makamaka kwa matenanti ndi aganyu amene chakudya chawo chimadalira fodya wa chaka chimenecho. Wodwala sayenera kuchotsedwa pantchito zonse, koma apatsidwe zimene angachite atakhala pampando wotsamira, manja ali m'munsi mwa mapewa, monga kusoka fodya, kusankha masamba ouma, kutongola chimanga kapena kuswa mtedza, akupuma theka lililonse la ola, ndipo amene mapapo ake agwidwa atalikirane ndi fumbi la m'shedi ndi utsi wa m'mabani. Kuthirira nazale ndi kheni, kusinja, kupopa mjigo, kupachika fodya m'mwamba ndi kukanikiza jeke zidikire mpaka achipatala aone kuti mphamvu zabwerera, ndipo tsiku limene wodwala wagwira ntchito yotopetsa liwerengedwe ngati la masewera, asachite zonse ziwiri.

Akatswiri a mafizo m'dziko muno akuchuluka pang'onopang'ono kuchokera pamene College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuwaphunzitsa mu 2010, ndipo ku Blantyre komweko kuli Kachere Rehabilitation Centre ya bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, kumene kumathandizidwa anthu ofuna mafizo a nthawi yaitali. Wodwala wa ku Lifupa akapita ku sikelo yake ali ndi ufulu wopempha kuti aonedwe ndi a mafizo tsiku lomwelo, kuti amuonetse masewerawo ndi manja ndi kumulembera mlingo wake m'buku la kuchipatala. Atengenso kope limene iye kapena mwana wasukulu wa pakhomopo wakhala akulembamo tsiku lililonse kuchuluka kwa kunyamuka pampando, mphindi zimene wayenda ndi mmene wadzukira m'mawa mwake, chifukwa zolembazo zimathandiza dokotala kusiyanitsa kufooka kwa matenda akubwerera ndi kufooka kwa prednisolone wochuluka, zinthu ziwiri zimene zimafanana m'maso koma chimodzi chimafuna kuwonjezera mankhwala pamene china chimafuna kuwachepetsa.

(Nyimbo yotsekera)